Mayiko 7 a ku Ulaya m'masiku 12 pa basi: kodi mayi a zaka 68 angaukwanitse ulendo wotere?

Mayi wa ku Leicester:
Ndikupereka moni kwa nonse a pa gulu lino, akuluakulu ndi achinyamata omwe. Ndabwera ndi funso chifukwa safunsa anadya phula. Mayi anga, amene ali ndi zaka 68 ndipo amakhala ku Zomba, akubwera kuno mu Julayi kudzaonerera mwambo wa mdzukulu wawo womaliza maphunziro a ku yunivesite, ndipo ine ndi bambo a kunyumba tinaganiza kuti poti afika kale kutali chonchi, tiwaonetseko mayiko ena a ku Ulaya asanabwerere kumudzi. Ndapeza ulendo wa pa basi wa masiku 12, wokhala ndi wotsogolera alendo, umene umanyamukira ku London. Malo ogona awalemba motere: usiku umodzi ku Brussels, umodzi m'mbali mwa mtsinje wa Rhine ku Germany, umodzi ku Lucerne, umodzi ku Innsbruck, umodzi ku Venice, mausiku awiri ku Rome, umodzi ku Florence, umodzi kum'mawa kwa France, kenako awiri ku Paris. Akuti onse pamodzi ndi mayiko 7 ukawerengera ndi Vatican yomwe. Ndisanalipire ndalama ya chikole, ndikufuna kumva kwa amene anayendapo ulendo wotere ngati munthu wamkulu angaukwanitse, komanso ngati pali zina zimene sizilembedwa pa chikalata chotsatsira malonda.

Mphunzitsi wopuma pa ntchito, Coventry:
Zikomo achemwali chifukwa cha maganizo abwino owasangalatsa amayi. Ine ndinayenda ulendo wofanana ndi umenewu pamodzi ndi akazi anga, ndipo za kukoma kwake ndinena pambuyo pake, koma poyamba ndikupempheni kuti musalipire kanthu musanakonze nkhani ya viza. Viza ya ku Britain imene amayi adzalowere nayo kuno ilibe ntchito kutsidya kwa nyanja, chifukwa Britain sali m'gulu la mayiko a Schengen, amene ndi mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi. Munthu wa pasipoti ya Malawi amafunika viza ya Schengen, ndipo lamulo lake ndi lakuti pempho liperekedwe kuchokera ku dziko limene munthuyo amakhala. Inu amene muli ndi chilolezo chokhala kuno mukhoza kupempha muli kuno, koma amayi, poti adzakhala mlendo chabe, ayenera kupempha asananyamuke ku Malawi. Anthu ambiri amagwa m'mbuna pamenepa, poganiza kuti adzakonza zonse mlendoyo akafika.

Chachiwiri, pempholo silipita kwa kazembe aliyense amene mwamusankha. Limapita ku dziko limene mudzakhalemo masiku ambiri, ndipo dziko loyamba kulowamo limagwira ntchito pokhapokha masikuwo akafanana. Pa mndandanda wanuwo ndawerenga mausiku anayi ku Italy ndi atatu ku France, kotero viza yanu ndi ya Italy ngakhale kuti basi idzayamba kuponda nthaka ya France. Mtengo wake kwa munthu wamkulu ndi mayuro 90 kuyambira mu Juni 2024, ndipo pamafunikanso inshuwalansi ya chipatala yofika mayuro 30,000. Pasipoti ikhale yoti idzagwirabe ntchito miyezi itatu ulendowo utatha. Amaloleza kupempha miyezi 6 tsiku lonyamuka lisanafike, ndipo ngakhale yankho limayenera kutuluka m'masiku 15, nthawi zina limafika masiku 45. Onetsetsaninso kuti viza ya amayi ya ku Britain ndi yolowera kangapo, popeza pobwerera ku Paris adzakhala akulowanso m'dziko muno kachiwiri.

Mayi wa ku Leicester:
Aphunzitsi, mwandipulumutsa. Ine ndinali ndi maganizo oti tidzapita tonse ku London kukapempha amayi akadzafika, ndipo chikole ndikadalipira Lachisanu likubwerali. Ndiyamba ndafufuza kumene anthu okhala ku Malawi amaperekera mapempho a viza ya Italy, kuti mchimwene wanga wa ku Blantyre awaperekeze.

Dalaivala wa basi, Luton:
Amayi, ine ndimayendetsa mabasi a alendo ndipo njira imene mwalembayo ndaiyendapo kangapo, choncho ndilankhula za mumsewu. Tsiku loyamba mudzanyamuka m'bandakucha kupita ku Dover, kumene apolisi a ku France amaona mapasipoti musanakwere n'komwe sitima ya pamadzi, ndipo aliyense amatsika m'basi n'kuima pamzere. Kuyambira mu Okutobala 2025 mayiko a Schengen anayamba kulemba alendo m'kompyuta pamalire, kuwajambula nkhope ndi kutenga zidindo za zala, zimene zimachedwetsa mzerewo kuposa kale. Sitima yochoka ku Dover kufika ku Calais imatenga pafupifupi ola limodzi ndi theka. Mabasi ena amadzera ku Folkestone, kumene basi yonse imalowa m'sitima ya pamtunda yodutsa pansi pa nyanja kwa mphindi 35. Mukawoloka mudzakankhire wotchi patsogolo ndi ola limodzi, ndipo amayi adzasangalala kumva kuti mu Julayi nthawi ya ku Brussels ndi ku Rome imafanana ndendende ndi ya ku Zomba.

Chimene ndikufuna kuti mumvetse n'chakuti tsiku la ulendo wotere limalamulidwa ndi maola a dalaivala, osati ndi zofuna za alendo. Lamulo la ku Ulaya limati tisayendetse kupitirira maola anayi ndi theka osapuma mphindi 45, ndiponso tisapitirire maola 9 pa tsiku, kupatula kawiri pa sabata pamene tingafike maola 10. M'basi muli makina olemba zonsezi ndipo apolisi amawawerenga. N'chifukwa chake wotsogolera akanena kuti basi inyamuka 7 koloko, sakuchita nkhanza ayi, koma akudziwa kuti kuchedwa kwa m'mawa kudzadya nthawi yoonera malo masana. Mtunda wochokera ku Venice kufika ku Rome ndi pafupifupi makilomita 530, umene ndi wautali kuposa wochokera ku Blantyre kufika ku Kasungu. Tsiku limenelo pa chikalata amalilemba mokoma, koma zoona zake n'zakuti mudzaswera pa mpando. Ine ndimauza aliyense kuti powerenga chikalata asawerenge mayiko, koma awerenge malo amene alembapo mausiku awiri, chifukwa ndi okhawo amene munthu amadzuka osalongedza sutikesi. Pa ulendo wanuwu malo otere alipo awiri basi, Rome ndi Paris.

Namwino, Manchester:
Ndiwonjezere pa mawu a adalaivalawo monga munthu wa kuchipatala. Kukhala pansi maola ambiri tsiku ndi tsiku kumatupitsa miyendo, ndipo kwa anthu ena kumachititsa kuti magazi aundane m'mitsempha ya m'katumba, zimene zikhoza kuika moyo pachiswe. Amayi akaonane ndi dokotala wawo asananyamuke, makamaka ngati ali ndi BP kapena shuga, ndipo afunse ngati akuyenera kuvala masokosi othina a paulendo. Basi ikaima atsike n'kuyendayenda ngakhale asakufuna kugula kanthu. Vuto limene ndimaliona mwa amayi athu n'lakuti amasiya kumwa madzi poopa kuvutitsa anthu ndi nkhani ya chimbudzi, pamene mu Julayi ku Rome ndi ku Florence kumatentha kupitirira madigiri 30 masiku ambiri. Chimbudzi cha m'basi chilipo, koma madalaivala amapempha kuti chigwiritsidwe ntchito zikavutitsitsa, ndipo zimbudzi za m'malo opumira ku Germany n'zolipira, choncho muzikhala ndi timakobidi ta yuro m'thumba. Mankhwala onse akhale m'chikwama cha m'manja, m'mapaketi ake, pamodzi ndi kalata ya dokotala, osati m'sutikesi imene imatsekeredwa kunsi kwa basi mpaka madzulo.

Palinso nkhani ya phiri. Ku Lucerne otsogolera ambiri amagulitsa ulendo wapadera wokwera phiri la Titlis, ndipo timangolo toyenda pa chingwe timakufikitsani pa mamita 3,020, kupitirira pang'ono nsonga ya Sapitwa ya ku Mulanje imene ili pa mamita 3,002. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Sapitwa munthu amakwera pang'onopang'ono thupi likuzolowera, pamene ku Titlis amafika pamwamba ola lisanathe. Anthu ena amamva chizungulire ndi befu. Sindikunena kuti amayi asapite, chifukwa kugwira chipale chofewa ndi manja mu Julayi ndi chinthu chimene adzakasimbe kumudzi, koma dokotala adziwe za phirilo.

Bambo wa ku Johannesburg:
Ndakhala ndikuwerenga mwachidwi ngakhale kuti ku Ulaya ndinapitako kamodzi kokha. Ndikuona ngati tikuwaderera amayi athu. Mayi amene anakwerapo basi yochoka ku Blantyre kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka ku Beitbridge, n'kugona pa mpando usiku wonse ndi kuima maola pamalire alionse, sangagonje ndi basi ya mpweya wozizira imene imaima maola awiri alionse ndi kukamutula pa hotelo madzulo. Chimene chinandidabwitsa ine n'chakuti tinachoka ku Belgium kulowa mu Germany popanda wotifunsa pasipoti, moti ndinadziwira pa uthenga wa pa foni kuti tasintha dziko. Zimenezo pazokha ndi zoti munthu wa kwathu aone ndi maso ake.

Mayi wa ku Glasgow:
Achimwene a ku Johannesburg, mwanena zoona kuti amayi athu ndi olimba, koma ulendo wa ku Joni umatha tsiku lachiwiri, pamene uwu ndi wa masiku 12 otsatizana, ndipo munthu sapita ku Joni pa basi kuti akasangalale ndi msewu. Ine ndikhale wotsutsa pa zokambiranazi. Ndinayenda ulendo wotere zaka zingapo zapitazo ndipo sindidzabwerezanso. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Nditabwerera kunyumba ndinali ndi zithunzi zambirimbiri za matchalitchi ndi milatho, koma ndinkalephera kusiyanitsa kuti ichi ndinajambula ku Innsbruck kapena ku Lucerne. Ku Brussels tinafika dzuwa litapendeka, anatithamangitsa pa bwalo la Grand-Place, anationetsa kachiboliboli ka mwana wokodza kaja, kamene n'kakang'ono moti ena anafunsa ngati ndi komweko, kenako tinabwerera m'basi.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi Rome. Ine ndine Mkatolika, ndipo chimene ndinalipirira ulendo wonsewo chinali choti ndikapemphere m'tchalitchi cha Petulo Woyera. Tinaima pa mzere wa chitetezo nthawi yaitali padzuwa, ndipo titalowa wotsogolera anali atakweza kale kambendera kake kuti tizituluka. Sindinapeze mpata wogwada ngakhale kwa mphindi zisanu. Achemwali a ku Leicester, afunseni amayi chimene mtima wawo ukufuna. Ngati ndi Rome, akwezeni ndege, mukakhale kumeneko masiku asanu. Kulowa m'tchalitchi cha Petulo Woyera n'kwaulere, Papa akakhalapo amapemphera ndi anthu pa bwalo Lamulungu 12 koloko masana, ndipo matikiti a msonkhano wake wa Lachitatu salipiritsa, ngakhale kuti mu Julayi misonkhanoyo nthawi zambiri imaima kaye. Kumbukiraninso kuti salola kulowa ndi mapewa kapena mawondo oonekera, koma pamenepo amayi a ku Zomba alibe vuto, chitenje chawo chikwanira.

Wophunzira, Leuven:
Pepani akuluakulu kuti ndilowererepo ngakhale ndine mwana. Ine ndikuphunzira ku Belgium ndipo ndikufuna kunenapo za ndalama, chifukwa mtengo wa pa chikalata si mtengo wa ulendo. Kawirikawiri umaphatikiza basi, hotelo, kadzutsa ndi migonero ingapo chabe. Nkhomaliro n'zanu, ndipo zinthu zimene munthu amazilakalaka kwenikweni, monga kukwera bwato la gondola ku Venice, kukwera phiri ku Switzerland kapena kuyenda pa mtsinje wa Seine madzulo, amazigulitsa padera muli m'basi momwemo, pamene kukana kumachititsa manyazi chifukwa anzanu onse akweza manja. Pemphani mndandanda wa maulendo apaderawo ndi mitengo yake musanalipire, musankhiretu muli kunyumba. Funsaninso ngati ndalama yothokozera dalaivala ndi wotsogolera ili kale mu mtengowo.

Switzerland sagwiritsa ntchito yuro, ali ndi ndalama yawo ya franc, ndipo zinthu kumeneko n'zodula moti ndi bwino kugula madzi ndi zipatso musanalowe. Makampani ambiri a foni saliwerengera dzikolo pamodzi ndi mayiko a European Union, choncho tsekani intaneti ya pa foni musanafike pamalire ngati simunafunse mtengo wake. Mapulagi athu a mano atatu, amene ndi ofanana ku Malawi ndi ku Britain, salowa m'masoketi a kuno, ndipo adaputala yonenepa ya ku France kapena Germany nthawi zina imakana ku Switzerland ndi ku Italy, kotero gulani yopyapyala ya mano awiri. Ku Germany, Austria ndi Switzerland masitolo ambiri amatseka Lamulungu. Ku Italy malo odyera ambiri amawonjezera kandalama ka pa mpando kotchedwa coperto, ndipo khofi womwa utakhala pansi amadula kuposa womwa utaimirira. Chinanso, kuyambira mu Januwale 2021 saloleza kulowetsa nyama kapena za mkaka kuchokera ku Britain, choncho kamba wa nkhuku yokazinga amene amayi angafune kutenga adyeretu musanafike ku Dover.

Mphunzitsi wopuma pa ntchito, Coventry:
Ndinalonjeza kuti ndinena za kukoma kwake, ndipo mawu a amayi a ku Glasgow andikakamiza kutero. Dandaulo lawo la ku Rome ndikulimva, pakuti nafenso anatithamangitsa. Komabe pali zinthu zimene munthu wa pa ndege sangazione. Ife tinaima ku Cologne, kumene tchalitchi chachikulu chinayamba kumangidwa mu 1248 n'kudzamalizidwa mu 1880, ndipo nsanja zake ndi zazitali mamita 157. Wotsogolera wathu anatifotokozera kuti ntchitoyo inaima kwa zaka mazana angapo, ndipo anationetsa zithunzi za mu 1945 pamene mzinda wonse unali bwinja koma tchalitchicho chili chiimire ngakhale chinalasidwa ndi mabomba. Ndakhala ndikuphunzitsa mbiri ya nkhondo imeneyi kwa zaka zambiri pa bolodi, koma tsiku limenelo ndi limene ndinaimvetsa. Kuchoka pamenepo tinatsata Rhine pakati pa Koblenz ndi Bingen, minda ya mpesa ili m'mapiri otsetsereka, nyumba zakale za mafumu zili pa zitunda, mpaka pa thanthwe la Loreley pamene mtsinjewo umapanikizika. Akazi anga, amene anali atatopa kale, anakhala chete pa zenera njira yonseyo ndipo mpaka lero amati ndilo linali tsiku lopambana.

Ku Lucerne tinawoloka mlatho wa matabwa wofoleredwa wa zaka za m'ma 1300, umene mbali yake yaikulu inapsa ndi moto mu 1993 n'kumangidwanso, ndipo tinaona mkango wosemedwa pa thanthwe wokumbukira asilikali a ku Switzerland amene anaphedwa ku Paris mu 1792. Patapita masiku angapo tili ku Paris, wotsogolera yemweyo anatilozera munda wa Tuileries n'kunena kuti apa ndi pamene panali nyumba yachifumu imene asilikali aja anafera. Kulumikiza nkhani kotereku ndi kumene ndinalipirira. Ndiponso tisaiwale kuti munthu woyenda ndi kholo lokalamba, wosadziwa Chijeremani kapena Chitaliyana, amapepukidwa kwambiri pamene wina akumunyamulira nkhawa ya matikiti, mahotelo ndi njira. Ndikugwirizana ndi adalaivala kuti vuto si basi, koma kuchuluka kwa malo ogona usiku umodzi.

Dalaivala wa basi, Luton:
Aphunzitsi anena bwino. Ndionjezere ziwiri zimene alendo amadandaula nazo kwambiri. Choyamba ndi mahotelo. Chikalata chikati usiku ku Venice, nthawi zambiri hoteloyo imakhala ku Mestre kapena kupitirira apo, kumtunda, chifukwa basi siingalowe mumzinda wa pamadziwo. Timakusiyani pa malo oimika mabasi a Tronchetto ndipo mumapitiriza pa bwato. Mumzindamo muli milatho yoposa 400 ndipo yambiri ili ndi masitepe, choncho ngati amayi amavutika mawondo, tsiku limenelo ndi lolemetsa kuposa onse. Ku Rome ndi ku Florence nakonso mabasi ali ndi malo ake oimapo, ndipo kuchokera pamenepo mumayenda pansi pa misewu ya miyala. Nsapato zikhale zimene anazizolowera kale, osati zatsopano zogulira ulendowo. Pemphani mayina a mahotelo onse muwaone pa mapu, chifukwa hotelo ikakhala kutali ndi mzinda, madzulo mulibe kopita ndipo mumakakamizika kugula mgonero wapadera.

Chachiwiri ndi nthawi yokumana. Tsiku lina ku Florence banja lina linachedwa ndi mphindi 40 chifukwa linasochera pofuna zikwama zachikopa, ndipo poti malo amene tinaima sankaloleza kudikira, tinanyamuka, iwo n'kutitsatira pa sitima ndi ndalama zawo. Amayi akhale ndi kapepala m'thumba kolembapo nambala ya wotsogolera, dzina la hotelo ya usiku umenewo ndi nambala yanu, kuti ngakhale foni itazima athe kuonetsa munthu. Pasipoti ndi ndalama zikhale m'kachikwama ka mkati mwa zovala, chifukwa opisa m'matumba amadziwa kuti gulu lotsatira kambendera maso ake amakhala m'mwamba.

Mayi wa ku Leicester:
Ndathokoza nonse, ndipo ndachita zimene amayi a ku Glasgow analangiza. Ndawaimbira amayi dzulo madzulo n'kuwawerengera mayina onse a mizinda. Ku Brussels ndi ku Innsbruck sanayankhe kanthu, koma nditatchula Rome anandidula mawu n'kufunsa ngati adzaloledwa kuchita nawo Misa kumeneko, chifukwa iwo ndi a Lejiyo ya Maria kwa zaka zoposa 30. Chachiwiri chimene anafunsa ndi chipale chofewa, ndipo chachitatu ndi chakuti kodi masiku 12 onsewo adzakhala osadya nsima. Ndaona kuti kampani yomweyo ili ndi ulendo wina wa masiku 9 wa mayiko anayi, wokhala ndi mausiku awiri ku Lucerne, atatu ku Rome kuphatikizapo tsiku limodzi lopanda pulogalamu, ndipo pobwerera amakwera ndege. Bambo a kunyumba akudandaula kuti Paris mulibe, koma ndawauza kuti ku Paris tikhoza kupita patokha pa sitima kuchokera ku London ngati viza ya amayi idzakhale yolowera kangapo.

Mayi wa ku Glasgow:
Achemwali, tsiku lopanda pulogalamulo ndi limene linandisowa ine, ndipo mukalipeza mupite ku tchalitchi cha Petulo Woyera m'mamawa, magulu a mabasi asanafike, pamene Misa zimachitika pa maguwa a m'mbali ndipo mzere umakhala waufupi. Mukadzapita ku Paris, poti amayi ndi a Lejiyo, musawatengere ku nsanja ya Eiffel yokha. Pa msewu wa rue du Bac pali tchalitchi chaching'ono cha Medulo Yozizwitsa, kumene sisitere Catherine Labouré anaonekeredwa ndi Amayi Maria mu 1830, ndipo tchalitchi chachikulu cha Notre-Dame chinatsegulidwanso mu Disembala 2024 pambuyo pa moto wa mu Epulo 2019. Za nsimazo auzeni kuti kumpoto kwa Italy kuli chakudya cha ufa wa chimanga chotchedwa polenta. Ndi chachikasu ndipo amathiramo mchere, moti mwina adzaipidwa nacho, koma adzakhala ndi nkhani yokasimba ku mphakati.

Dalaivala wa basi, Luton:
Amayi, polipira chikolecho mufunse ngati ndalamayo imabwezedwa viza ikakanidwa, ndipo yankho lake akupatseni polemba. Mupemphenso kalata yotsimikizira ulendo yokhala ndi mayina a mahotelo ndi masiku ake, chifukwa idzafunika pa pempho la viza. Makampani ambiri amasinthasintha mipando tsiku lililonse kuti aliyense akhaleko kutsogolo, koma mukawauza msanga kuti muli ndi munthu wamkulu, wotsogolera amatha kuwasungira mpando woyandikira chitseko chapakati kuti asamavutike potsika.